Beppo ndi Charlie: Alendo Awiri Pamaso pa Lamulo

Pakati pa 1880 ndi 1920, anthu pafupifupi 4 miliyoni ochokera ku Italy anasamukira ku America, ambiri kudzera pachilumba cha Ellis Island. Umphawi wa alendo otere unalowa msanga m'mafilimu opanda mawu a nthawiyo. Awiri ndi oyenera kuwaika pamodzi: The Italian ya mu 1915, imene anatsogolera Reginald Barker, ndi The Immigrant ya Charlie Chaplin ya mu 1917.

Mu The Italian, George Beban akusewera ngati Beppo, wopalasa bwato wa ku Venice amene afika ku New York n'kuyamba kupolisha nsapato. Aitanitsa bwenzi lake Annette, akwatirana, abereka mwana wamwamuna. Nyengo yotentha itafika mwanayo adwala, ndipo dokotala alamula mkaka woyera bwino. Beppo ali pa ulendo wokagula mkakawo, akuba amulanda ndalama. Iye atawapeza n'kulimbana nawo, wapolisi agwira iyeyo. Apempha thandizo kwa Corrigan, wandale amene anamusonkhanitsira mavoti a anthu a ku Italy, koma bwanayo amukankhira kumbali. Pomatuluka m'ndende, mwana anali atamwalira.

Naye Chaplin amakomana ndi lamulo lokondera. Ali m'sitima ya pamadzi, aika mwakachetechete ndalama m'thumba la mtsikana amene mayi ake anaberedwa, ndipo mkulu wa m'sitimamo amuyesa wopisa m'matumba. Alendo atangoona chipilala cha Statue of Liberty, akuluakulu awatsekereza ndi chingwe ngati ng'ombe za ku dibi. Kumalo odyera, munthu amene ndalama yamuperewera pang'ono amenyedwa ndi operekera zakudya, Charlie akuyang'ana, thumba lake lili lobooka.

Mafilimu onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi: mlendo wosauka amakayikiridwa asanalakwe. Amasiyana pa zimene zimatsatira. Charlie amapulumuka nthawi zonse. Mtsikana uja amuikira kumbuyo, wojambula zithunzi wina awapatsa ganyu, ndipo nkhani ithera ku ofesi yolembetsa ukwati. Beppo alibe womulankhulira. Atalowa m'nyumba ya Corrigan kuti aphe mwana wa bwanayo pobwezera, aona kamwanako katagona monga ankagonera wake, mtima umufewa. Wosauka ndiye akhululuka, pamene wolemera sayankha mlandu uliwonse.

Iliyonse ili ndi pofooka pake. The Italian imafinya misozi mopitirira, ndipo imamuonetsa Beppo ngati mwana wamkulu wosachedwa kupsa mtima, monga momwe anthu ambiri a ku America ankaganizira za anthu a ku Italy. The Immigrant imasekesa mpaka woonera kuiwala kuti mwayi wa Charlie sugwera aliyense. Komabe Chaplin, amene anakulira mu umphawi ku London, amasungira mlendo ulemu wake: pachingwe paja, amponda chidyali mkulu wina n'kuima ngati sanachite kanthu.

Mafilimu onse awiri anasankhidwa kuti asungidwe mu National Film Registry ya ku America. Wofuna kuona kulimba mtima kwa mlendo aonere Chaplin. Pa nkhani ya chilungamo, The Italian ndiyo inanena zoona kwambiri, chifukwa inaonetsa kuti masiku ochepa a ndende kwa mphawi angathe kudya moyo wa mwana wake.