Chifukwa Chake Minda Ina Imakokoloka Msanga ku Nambuma

Minda iwiri yoyandikana ikhoza kulandira mvula imodzimodzi, koma wina n'kung'ambika zigwembe, wina n'kukhala bwinobwino. Kawirikawiri kusiyanaku kumachokera ku mtundu wa dothi.

Poyerekeza nthaka yomwe munda ungataye, akatswiri amagwiritsa ntchito njira ya SLEMSA, yomwe inakonzedwa ku Zimbabwe. Njirayi imaphatikiza mphamvu ya mvula, kutsetsereka kwa malo, zomera zophimba nthaka ndi kufooka kwa dothi. Kafukufuku wa bungwe la FAO wotsata njirayi anapeza kuti mu 2014 Malawi amataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala pachaka.

Kufooka kwa dothi kumadziwika popima kuchuluka kwa mchenga, dongo ndi zowolerana, monga amachitira ku Chitedze. Dothi la mchenga wosalala limamwazika madontho akangoligunda, pamene katondo wokhala ndi manyowa amagwirana zibuma n'kumwa madzi.

Mlimi sangasinthe mvula, koma zowolerana angazichulukitse. Kutentha mapesi kumafooketsa dothi. Kuwakwirira ndi kuthira manyowa kumalilimbitsa. Anthu a ku Nambuma aonane ndi alangizi a zaulimi mvula isanagwe, kuti chonde chisathere mumtsinje.