Kumbuyo sikugulidwa pamsika

Timu ikayamba kumwa zigoli sabata ndi sabata, akuluakulu ake amathamangira mankhwala awiri: kuchotsa kochi ndi kugula wotchinga watsopano. Ochemerera m'minibasi za ku Matero ndi Chawama amavomereza, poti akufuna kuona kuti china chake chachitika. Komatu mankhwala onse awiriwa amapha chimene kumbuyo kumadalira, chomwe ndi kuzolowerana kwa otchinga awiri apakati ndi wapagolo wawo. Pitani pabwalo lafumbi ku Kanyama kapena ku George muone. Mpira ukadunda pamwala umakhota mosayembekezeka, ndiye mmodzi akalumpha kuti aumenye ndi mutu, mnzake amabwerera masitepe atatu kudikira cholakwa. Sauzana, chifukwa nthawi yake palibe. Amene wafika dzulo, ngakhale ali katswiri, amalumphira limodzi ndi mnzakeyo, kumbuyo n'kutsala pululu.

Umboni wake Zambia yonse ikuudziwa, kungoti timakumbukira penate ya Stoppila Sunzu n'kuiwala ntchito yake yeniyeni. Pa Africa Cup of Nations ya 2012, Chipolopolo inamwa zigoli zitatu zokha m'masewero asanu ndi limodzi: chimodzi cha Senegal, ziwiri za Libya. Equatorial Guinea, Sudan, Ghana ndi Côte d'Ivoire onse anabwerera chimanjamanja. Otchinga apakati Sunzu ndi Hichani Himoonde sanakumanire ku kampu. Ankasewerera limodzi TP Mazembe ku Lubumbashi, ndipo kochi Hervé Renard anali ndi nzeru yosawalekanitsa. Pa 12 February ku Libreville, mu fainolo ndi Côte d'Ivoire, wotchinga Joseph Musonda anavulala masewero atangoyamba, n'kutuluka akulira. Analowa Nyambe Mulenga, mzere sunagwedezeke mpaka mphindi 120 zinatha 0-0. Wolowa mwadzidzidzi amapeza malo ake msanga ngati apakati akudziwa kale poima.

Wina anena kuti unali mwayi chabe, poti Didier Drogba wa Côte d'Ivoire anaponya penate m'mwamba, ndipo ya Asamoah Gyan wa Ghana anaigwira wapagolo Kennedy Mweene. Mwayi unalipodi, sitikana. Koma unapeza chigoli chili 0-0 masiku onse awiriwo. Ukanapeza timu itamwa kale ziwiri, penate yophonyedwayo sikanapulumutsa munthu. Wina anenanso kuti makalabu a m'makomboni alibe ndalama zosungira osewera, kuti mnyamata akangowala amatengedwa ndi Zanaco, Red Arrows kapena Green Buffaloes, matimu okhala ndi banki kapena asilikali kumbuyo kwawo. Apa ndiye pali mfundo yolemera, ndipo kochi sangaithetse ndi wezulo. Chimene angathe n'kuphunzitsa anayi kapena asanu mchitidwe umodzi, wa nthawi yokwera, yobwerera, ndi wa amene amakuwa pa kona, kuti wochokayo asanyamule nzeru zonse m'chikwama. Ntchitoyo imadya miyezi, ndipo kochi wopatsidwa masewero asanu kuti apulumutse timu saiyamba n'komwe. Amangodzaza anthu kutsogolo kwa golo n'kupemphera.

Ndalama nazonso sizitsimikizira kanthu. Lusaka Dynamos, kumene Mweene ndi Himoonde anadutsa ali achinyamata, inatenga ABSA Cup mu 2021 itagonjetsa Zesco United pa mapenate. Mu 2022 inatsika mu Super League. Chikho chimafuna masana ochepa abwino, pamene ligi imafunsa funso lomwelo sabata iliyonse, kuyambira fumbi la October mpaka matope a February, Kanyama atasefukira ndipo malo ochitira tirening'i asanduka dziwe. M'miyezi imeneyo otchinga awiri amene kochi anawasiya limodzi, ngakhale atalakwitsa kawiri kapena katatu koyambirira, amakhala atadziwana mpaka phazi limene mnzake amaterereka nalo.