Muyeseni mwana ndi ndalama yochepa musanamusiyire bwato

Mwana wa m'mbali mwa nyanja amakumana ndi ndalama msanga kuposa anzake ambiri a kumtunda. Ku Malindi, ku Msaka, ku Chipoka ngakhalenso ku Nkhotakota, mnyamata wa zaka 10 akathandiza kukoka khoka kapena kutsitsa nsomba m'bwato amapatsidwa kamulu ka usipa, ndipo pofika kunyumba amakhala atakagulitsa kale. Mtsikana wa msinkhu womwewo ndiye amadikirira mandasi a mayi ake pamsewu. M'makomo ambiri, ndalama zochokera ku Joni zikalowa pafoni, amene amawerenga uthengawo, kusunga nambala yachinsinsi ndi kuthamangira kwa ejenti ndi mdzukulu, pakuti agogo maso adafooka.

Pa zinthu zina ife makolo timayesetsa ndithu. Mwana timamuphunzitsa wudhu, timamuzoloweza swala akafika zaka 7, timamutumiza ku madrassa kuti akadziwe kuwerenga Qur'an. Koma za ndalama timangoti akakula adzazidziwa yekha. Pamene ife tili chete, anzake a padoko, foni ndi malo obetchera mpira akumuphunzitsa usiku ndi usana. Zotsatira zake sizachilendo m'midzi yathu. Bambo amamwalira atasiya bwato, injini ndi chilimira, koma pasanapite nthawi ana agulitsa zonse, ndipo mwana wa mwini bwato wasanduka waganyu m'bwato la eni ake.

Qur'an ikuti tiwayese

Qur'an yolemekezeka sidaisiye nkhaniyi. Mu Surat An-Nisaa, ndime 5, Mulungu akuletsa kupereka chuma m'manja mwa anthu osadziwa kuchiyendetsa, ndipo akutikumbutsa kuti chumacho adachipanga kukhala mchirikizo wa moyo wathu. Ndime 6 ikulamula osunga ana amasiye kuti aziwayesa anawo kufikira atafika msinkhu wokwatira, ndipo akaona mwa iwo nzeru zokhwima, apo ndi pamene awapatse chuma chawo. Zofunika ndi ziwiri, msinkhu ndi nzeru, zimene m'Chiarabu zikutchedwa rushd. Ndevu zokha sizikwanira.

Kodi mwana amayesedwa bwanji? Mabuku a fiqh a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, amafotokoza kuti mwana wa wamalonda ayesedwe pa kugula, kugulitsa ndi kunenerera mtengo, pamene mwana wa mlimi ayesedwe pa za kumunda. Tanthauzo lake n'lakuti mwana apatsidwe kanthu kochepa m'manja, wamkulu n'kumayang'ana mmene akuchitira. Ngati lamulo lili lotere pa mwana wamasiye, amene chumacho ndi chake kale, nanga bwanji mwana wako amene ukufuna kudzamusiyira thukuta lako lonse? Mwana wa msodzi ayesedwe pa nsomba, pa mafuta a injini ndi pa malipiro a anyamata ogwira ntchito m'bwato.

Mayeso oyamba ali pafupi, ndiwo kutuma mwana ku okala. Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Mulungu zikhale pa iye) adapatsa swahaba wina, Urwah Al-Bariqi, dinari imodzi kuti akam'gulire nkhosa. Urwah adagula nkhosa ziwiri ndi dinariyo, nagulitsa imodzi pa mtengo wa dinari, n'kubwerera ndi nkhosa pamodzi ndi dinari yonse. Sadabise phindu ngakhale kuti palibe akadadziwa, ndipo Mtumiki adamupempherera madalitso pa malonda ake. Nkhaniyi ili m'buku la hadith la Imam Bukhari. Inunso mukatuma mwana, muuzeni mtengo umene mukuyembekezera, ndipo akabwerako werengani naye chenji ngakhale chitakhala K50. Mukafuna kumupatsa chenjicho, chiyambe chafika m'manja mwanu, kenako mumupatse. Potero amadziwa kusiyana kwa mphatso ndi amana, chinthu chimene munthu wangosungitsidwa.

Funso loyamba: wazitenga kuti?

Imam Tirmidhi adalandira hadith yonena za mafunso amene munthu adzafunsidwe pa Tsiku la Chiweruzo. Pa moyo wake funso ndi limodzi, pa maphunziro ake ndi limodzinso, koma pa chuma mafunso ndi awiri: kumene adachipeza ndi kumene adachimwaza. Mafunso awiriwa ndiwo maphunziro onse a ndalama, ndipo kholo lanzeru limayamba kuwafunsa mwana akadali wamng'ono, mwachikondi, kuti adzawazolowere asanakawamve kumene kulibe pothawira.

Hasan bin Ali, mdzukulu wa Mtumiki (SAW), ali kamwana adatola tende imodzi pa mulu wa tende za sadaka naiika m'kamwa. Agogo ake adamuuza pomwepo kuti alavule, namufotokozera kuti a banja lawo saloledwa kudya za sadaka. Tende idali imodzi yokha, mwanayo adali wamng'ono ndiponso wokondedwa kwambiri, komabe sadalekereredwe. Onaninso kuti sadamenyedwe, adauzidwa chifukwa chake.

Ife bwanji? Mnyamata akabwera ndi K5,000 n'kugula ndiwo, nthawi zambiri timangoyamika kuti mwana wayamba kuthandiza, osafunsa ngati wajomba kusukulu, wabetcha kapena watapa m'thandala la eni. Choopsa kwambiri chili pa ana aakazi. Mtsikana akayamba kubwera ndi nsomba, sopo, mafuta odzola kapena foni, mayi amene angolandira osafunsa wam'tsegulira khomo la chionongeko, pakuti tonse tikudziwa za malonda oipa a m'madoko ena, kumene nsomba zimalipiridwa ndi thupi. Umphawi umawawa, ndipo kufunsa pamene m'nyumba mulibe ndiwo sikophweka. Komabe kugona ndi nsima ya mchere n'kopepuka poyerekeza ndi kulera matenda kapena mimba ya mwana wa Sitandade 7.

Tikumbukenso kuti mwana amaphunzira ndi maso kuposa makutu. Akaona mayi akuphwanya pansi pa chitini choyezera usipa kuti chichepe, kapena bambo akuika nsomba zoola pansi ndi zabwino pamwamba, ulaliki wonse wa Lachisanu wathera pomwepo. Surat Al-Mutaffifin ikuyamba ndi chenjezo loopsa kwa anthu amene amafuna muyeso wodzadza pogula koma amachepetsa pogulitsa. Surayi ana athu amailoweza ku madrassa. Tiyeni tiwasonyeze tanthauzo lake pamsika.

Funso lachiwiri: zapita kuti?

Surat Al-Furqan, ndime 67, ikutchula khalidwe la akapolo abwino a Mulungu kuti popereka chuma samwaza ndiponso saumira, amayenda pakati. Kuyenda pakati kumafuna kuzolowera, ndipo m'mera mpoyamba.

Mwana wa zaka 5 mpaka 7 adziwe kuzindikira ndalama, kuziwerenga ndi kumvetsa kuti zikatha zatha. Mukamupatsa ya chitumbuwa n'kuithera maswiti, musamupatse ina tsiku lomwelo, pakuti njala ya maola awiri imaphunzitsa zimene kukalipa sikungaphunzitse. Wa zaka 8 mpaka 12 muyambe kumupatsa ya sabata yonse pakamodzi, ndipo aigawe patatu: yodya, yosunga ndi yopereka. Mugulireni kope loti azilembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo Lachisanu lililonse mukabwera ku Jumu'ah mukhale naye pansi muone kopelo. Mwana amene amalandira K500 patsiku la sukulu, akamapatula K100, pa sabata amakhala ndi K500, ndipo pa masabata 12 amakhala ndi K6,000. Akaona yekha chiwerengerochi m'kope mwake, mwambi wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo umasiya kukhala mawu a agogo chabe. Akapitirira zaka 13, muonetseni ndondomeko ya ndalama za pakhomo: za chimanga, za fizi, za mafuta a injini, za chipatala. Ana ambiri amavutitsa makolo chifukwa sadaonepo pamene ndalama za m'nyumba zimathera.

Chifukwa chosungira, nyanja yomwe imatiphunzitsa. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, mabwato amakhala pamtunda masiku angapo. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi kuti nsomba ziswane. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, anthu a kwa Mfumu Yaikulu Makanjira amatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo chaka chilichonse, ndipo potsegulira amapeza utaka. Ndi nzeru yomweyo imene Mneneri Yusuf (Mtendere ukhale pa iye) adalangiza mfumu ya ku Iguputo, kuti pa zaka 7 za zokolola zambiri asunge tirigu m'ngala zake podikira zaka 7 za chilala. Muuzeni mwana kuti tsiku limene usipa wafa wambiri ndilo tsiku losunga, pakuti Mwera uli m'njira.

Muuzeninso kuti ndalama yongokhala m'chitini imafooka. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Choncho zosunga za mwana zikakwana, agule nkhuku yakeyake, nkhukuzo zikaswana agule mbuzi. Iye ndiye aziidyetsa, aziitsekera madzulo, ndipo nkhuku ikafa ndi chitopa aphunzirenso kuti malonda ali ndi kupeza ndi kutaya. Mtumiki (SAW) mwiniwake adawetapo nkhosa za anthu a ku Makka molipidwa asanakhale wamalonda.

Misampha iwiri: juga ndi katapila

Kale juga idali ya makadi kuseri kwa msika, ndipo wochita ankabisala. Lero ili m'thumba la mwana, m'dzina la kubetcha mpira kapena kandege ka pafoni. Lamulo la dziko lino sililola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, koma foni ya mayi kapena ya agogo siidziwa zaka za amene waigwira. Surat Al-Ma'idah, ndime 90 ndi 91, ikuika juga pamodzi ndi mowa, n'kutchula zipatso zake: udani, chidani ndi kuiwala Mulungu ndi swala. Kungomuuza mwana kuti ndi haramu n'koyenera, koma muonjezere kumufotokozera mmene malondawo amayendera. Masamu a juga adakonzedwa kuti zobwerera kwa opambana zizichepa poyerekeza ndi zonse zimene anthu aponya, zotsalazo n'kukhala za mwini juga. Wopambana mmodzi amajambulidwa chithunzi, oluza zikwizikwi amapita kwawo mwakachetechete. Ndipo bambo amene amatuma mwana kukam'dulira tikiti ya mpira alibe pakamwa pomuletsera.

Za katapila, mupatseni mwana pensulo awerengere yekha. Munthu akakongola K10,000 kuti pakutha pa mwezi abweze ndi theka pamwamba, ngongole imakhala K15,000. Akalephera, mwezi wachiwiri imafika K22,500, wachitatu K33,750. Mwana amene wawerengera izi ndi dzanja lake amamvetsa chifukwa chimene Surat Al-Baqarah, ndime 275, ikulolera malonda n'kuletsa riba. Adziwenso kusiyana kwa chipereganyu, momwe aliyense amalandira zimene adasonkha popanda choonjezera, ndi magulu obwereketsa ndalama pa chiongoladzanja. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'sura yomweyo, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Ngakhale mwana atakongola K200 kwa mkulu wake, ailembe m'kope ndipo aibweze pa tsiku limene adalonjeza.

Za ku Joni, ndi za ana aakazi

Ndalama yobwera pafoni imaoneka ngati ilibe thukuta. Mwana amene amangoona nyumba ya malata, njinga yamoto ndi foni yatsopano amaganiza kuti ku Joni ndalama amachita kutola, ndipo sukulu imayamba kumutopetsa. Bambo kapena malume amene muli kumeneko, muuzeni zoona: maola amene mumaima pantchito, lendi ya kachipinda, kuzizira ndi mantha a mapepala. Inu otsala kumudzi, ndalamazo zikafika musayambire kugula zosangalatsa ana akuona. Yambani ndi chimanga ndi fizi, ndipo muwauze chifukwa chake.

Maphunzirowa asakhale a anyamata okha. M'Chisilamu mkazi ali ndi gawo lake pa chuma chamasiye, mahari ndi akeake, ndipo Mayi Khadija adali mwini malonda amene adalemba ntchito Mtumiki (SAW) asanakwatirane. Mtsikana wosadziwa kuwerengera chuma chake adzalandidwa ndi achibale kapena mwamuna. Popatsa, musakondere. Bambo ake a Nu'man bin Bashir atafuna kupatsa mphatso mwana mmodzi yekha, Mtumiki (SAW) adakana kuikira umboni nawalamula kuchita chilungamo pakati pa ana.

Dzanja lizolowere kupereka

Mwana wongophunzitsidwa kusunga amakula woumira, ndipo umenewonso ndi matenda. Gawo lachitatu lija, lopereka, alipereke ndi dzanja lake, kaya m'bokosi la mumzikiti kaya kwa gogo wosowa wa pafupi. Pa mapeto a Ramadhan, mutengeni pokapereka Zakaatul Fitr, anyamule yekha mpunga kapena chimanga, aone nkhope ya wolandira. Akakula pang'ono, mphunzitseni masamu a zakaat, kuti chuma chikafika pa nisab n'kutha chaka, pa K1,000 iliyonse pamachoka K25 ya osauka. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo Chisilamu chikutiuza kwa amene tikuikako.

Ife aphunzitsi a madrassa tili ndi gawo lathu, pakuti fiqh siithera pa twahara ndi swala, ilinso ndi makomo a malonda, ngongole ndi chuma chamasiye. Koma sukulu yaikulu ya ndalama ili pakhonde la nyumba yanu. Yambani sabata ino ndi ndalama imene mungakwanitse kutaya, kope limodzi ndi mafunso awiri aja. Mwana adzalakwitsa, ndipo n'kwabwino alakwitse pa K500 inu muli moyo kuti mumuongole, kusiyana n'kudzalakwitsa pa bwato inu muli kumanda. Mulungu atipatse rizq la halali, alidalitse, ndipo ana athu awapange kukhala okhulupirika pa zochepa ndi pa zambiri. Amin.