Gitala Ikamangosokonekera Mawu, Yang'anani Pomwe Mawaya Amakhula

Vuto limayambira pati?

Mwachuna gitala yanu ya magetsi bwinobwino, koma mutangokoka waya kamodzi pakati pa nyimbo, mawu asokonekera. Ambiri amathamangira kuloza chala zopotera mawaya, chonsecho nthawi zambiri sizikhala zolakwa. Mawaya 6 a saizi ya 10-46 amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 45, ndipo mukamachuna kapena kukoka, waya aliyense amayenera kutsetsereka pamene wagona. Akakakamira, sabwerera pamalo pake. Kaphokoso koti "ting'" kamene mumamva pochuna ndiye chizindikiro chake. Mankhwala ake ndi kupaka zoterera pomwe mawaya amakhula.

Malo ofunika kuwasamala

Oyamba ndi timipata ta pa nut, kachidutswa kamene mawaya amadutsapo asanafike kumutu kwa gitala. Pa Gibson Les Paul mutuwo ndi wopendekera kumbuyo kwambiri, ndipo mawaya a D ndi G amakhotera m'mbali akangotuluka pa nut. N'chifukwa chake waya wa G amadandaulitsa oimba ambiri.

Pa Fender Stratocaster, yomwe inatuluka mu 1954, onaninso kunsi kwa kachitsulo kopanikiza mawaya kumutu, pa saddle iliyonse (pomwe waya amagona kumunsi kwa gitala), ndi pamene tremolo (chitsulo chogwedezera mawu) imatsamira pa masikuluwu ake. Tremolo ya Floyd Rose imamanga mawaya pa nut kuti asasunthe, choncho mafuta amangofunika pamene mbale yake imatsamira.

Mupake chiyani?

Pensulo wamba ndi wokwanira. Mtima wake ndi graphite, yomwe imaterera mwachibadwa, ngakhale imadetsa nut yoyera. Ena amapala ufa wake n'kusakaniza ndi Vaseline pang'ono kuti usachoke msanga. Aliponso mafuta opangidwira ntchito imeneyi, monga Big Bends Nut Sauce. Mafuta ophikira ayi: amamata akakhalitsa, n'kumakola fumbi. WD-40 nayonso ndi yamadzimadzi, imayenderera mpaka pathabwa.

Kapakidwe kake

Nthawi yabwino ndi posintha mawaya. Apo ayi, masulani waya mmodzi pang'ono, mumunyamule, muchotse litsiro m'kampatako. Tengani mafuta ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, mudontheze kadontho kosaposa mutu wa singano, mubwezere waya, kenako mupukute otsala. Chunani, kokani wayayo kangapo, mumvetsere ngati wabwerera pa mawu ake. Mafuta asafike pa ma pickup kapena pamene zala zimagwira.

Pamene mafuta sangathandize

Ngati kampata n'kothina, makamaka mutaika mawaya onenepa kuposa akale, ngakhale mupake motani waya azikakamirabe. Pamenepo pafunika mmisiri wokhala ndi tupa woyenera. Musakakulitse nokha ndi mpeni, chifukwa kampata kakazama kwambiri waya amayamba kukhudza fret yoyamba n'kumalira moipa.

Inu oimba m'mabandi ndi m'matchalitchi, musanawononge ndalama kugula zopotera zatsopano, yambani mwapukuta ndi kupaka malo amenewa nthawi iliyonse mukusintha mawaya.