Kukonzekera Ulendo wa ku Nyika

Amene afuna kukwera ku Nyika, dziko la udzu ndi nkhungu kumpoto kwa Rumphi, ndimlangiza kuti ayambe wawerenga miyezi asanawerenge ndalama. Pakuti mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku pa malo ogona alendo a Chelinda, pamtunda wa mamita oposa 2,000, kotero kuti moto wa m'chipinda sulowa m'malo mwa chovala chochindikala, pamene mu Januwale maluwa amaphimba zitunda, koma msewu wolowera pa chipata cha Thazima umasanduka matope. Mwini chuma atha kutera ndi kandege. Komatu ine ndikonda galimoto yolimba, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mbidzi ndi chilembwe sizidikira wothamanga. Malo ogona asungitsiretu, mafuta agulire ku Mzuzu, ndipo akafuna kutsikira ku Livingstonia wapansi, asapite wopanda womlondolera njira.