MBEWA ZODZANDIRA ZITIPHUNZITSA ZA BONGO

Owerenga athu ambiri anaonapo munthu woyenda dzandidzandi ngati woledzera, pamene mowa sanaulawe konse. Ena amamseka, ena amati walodzedwa. Koma nthawi zina nthenda yotere imacokera kwa makolo, ndipo madokotala amaicha ataxia.

Kunkhongo kwa munthu kuli kacigawo ka bongo kochedwa cerebellum. Nchito yace ndiyo kulongosola mayendedwe a thupi, kuti phazi liponde pamene mwini afuna, ndi dzanja lifike pakamwa osataya nsima. M'kacigawomo muli maselo akuluakulu a nthambi zambiri ngati mtengo, ochedwa maselo a Purkinje, dzina la Jan Purkinje amene anawaona m'caka ca 1837. Mowa umasokoneza kacigawo komweka, ndico cifukwa woledzera amadzandira.

Popeza nkosatheka kutsegula mutu wa wodwala kukaona mmene nthenda iyambira, akatswiri amaphunzira pa mbewa. M'caka ca 1976, Richard Mullen, Eva Eicher ndi Richard Sidman a ku Amereka anafotokoza za mtundu wa mbewa zochedwa pcd. Mbewazi zimabadwa bwino lomwe. Zikafika pafupi masabata 3, maselo aja ayamba kufa ndipo tiana tiyamba kudzandira. Pokwana masabata 6 kapena 7, pafupifupi maselo onsewo amakhala atatha, ndipo sameranso. Pambuyo pace maso nawonso amaonongeka pang'onopang'ono.

Kamwana kamadwala pokhapokha katalandira cilemaco kwa atate ndi amai omwe. Makolo onyamula cilema amayenda bwino, koma mwa ana 4 alionse, mmodzi akhoza kudwala.

M'caka ca 2002 anapeza jini yolakwikayo, dzina lace Nna1. Nchito yace ndiyo kusamala timizati tam'kati mwa selo, timene zinthu zimayendapo. M'caka ca 2018 madokotala anapeza ana a anthu odwala cifukwa ca jini yomweyo. Cotero zimene anaphunzira pa mbewa zathandiza kuzindikira nthenda ya anthu.

Mankhwala obwezera maselo akufa kulibe, koma kuphunzitsa thupi mayendedwe kumathandiza wodwala. Tsono aphunzitsi ndi makolo, mukaona mwana wodzandira, wolankhula mobvutika, kapena wonjenjemera dzanja polemba, musamlange kapena kumseka. Pitani naye kucipatala msanga, pakuti zoyambitsa zina za kudzandira zimacizika. Ndipo musaiwale kuuza dokotala ngati pali wacibale wina wodwala cimodzimodzi.