KODI WOSUNGA CINSINSI CANU PA FONI NDANI?

Nkhani ya pa wailesi, kwa mafumu ndi alimi a ku Kaporo, m'boma la Karonga

Lero tikambirane za cinsinsi ca pa foni.

Masiku ano mtengo wa mpunga wa Kilombero mupangana pa WhatsApp, ndalama mulandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ngakhale mau a mlandu wa munda ayenda pa foni. Tsono pa intaneti pabuka makampani ambiri olonjeza kuti za inu sizidzadziwika kwa munthu ali yense. Ena anyamula makalata. Ena apereka cinthu cochedwa VPN, cimene ciri ngati njira ya mseri yolowera pa intaneti. Kodi tiwakhulupirire?

Taganizani za mthenga wa mfumu. Kalata ikamatidwa bwino, mthengayo sangathe kuwerenga mau a m'kati. Komabe adziwa amene walemba, amene walandira, ndi tsiku lace. Makampani awa ali cimodzimodzi. Ciyambire caka ca 2016 WhatsApp imata mauthenga onse, kotero kuti eni ace sangawerenge. Koma nambala yanu ndi nthawi imene mugwira foni, zimenezo azidziwa.

Imvani zimene zinacitika maiko ena. Ku Switzerland kuli kampani ya makalata a cinsinsi, dzina lace ProtonMail. M'caka ca 2021 Boma la dzikolo linailamula kuti ilembe cizindikiro ca malo amene munthu wina wa ku France anali kulowera pa intaneti. Kampaniyo inamvera, pakuti lamulo ndi lamulo, ndipo munthu uja anagwidwa. Makalata ace sanawerengedwe iai, koma mthenga anaulula njira.

Yaciwiri ndi ya Onavo, VPN yaulere imene Facebook inagula m'caka ca 2013. Anthu anaiika m'mafoni poyesa kuti abisala, osadziwa kuti iri kuuza Facebook zimene iwo acita pa foni. Zitadziwika, inatsekedwa m'caka ca 2019.

Yacitatu ndi ya mafoni a ANOM, amene anagulitsidwa kwa zigawenga monga mafoni osatheka kumvetsera. Kumeneko mwini wace weniweni anali apolisi a FBI a ku America, ndipo m'mwezi wa June 2021 anthu oposa 800 anamangidwa. Sitiwamvera cisoni akuba amenewo. Koma phunziro lace ndi lathu tonse. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Cotero musanaike cinthu cotere m'foni, funsani mafunso atatu, pakuti safunsa anadya phula.

Loyamba: mwini wace ndani, ndipo akhala dziko liti? Kampani iri yonse imvera Boma la kwao, osati inu. Yobisa dzina la mwini wace, itayeni.

Laciwiri: ndalama zace apeza kuti? Wogula mpunga akadza ndi sikelo yace nanena kuti ayeza mwaulere, mumayamba mwayang'ana sikeloyo. Kampani yosakulipiritsani kanthu kawirikawiri ipeza phindu pogulitsa mbiri ya zocita zanu.

Lacitatu: isunga ciani ca inu? Cimene kampani sinasunge singathe kucipereka kwa wina. Ikapempha kuona zithunzi zanu ndi maina onse a m'foni popanda cifukwa, kanani.

Dziwaninso za kuno kwathu. M'caka ca 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iri yonse ya foni ilembetsedwe, ndipo masiku ano nambala yanu imangidwa ku citupa canu ca unzika. M'caka ca 2024 munakhazikitsidwa lamulo loteteza mbiri ya munthu, ndipo woyang'anira lamulolo ndi MACRA yemweyo. Kampani ya kunja yosadziwika mwini wace ikakulakwirani, nkobvuta kuitengera ku bwalo. Inu ooloka Songwe kukacita malonda ku Kyela, kumbukirani kuti m'caka ca 2023 Boma la Tanzania linalengeza kuti wofuna kugwiritsa nchito VPN ayambe walembetsa.

Mau otsiriza ndi a kwa inu mafumu. M'manja mwanu muli maina a anthu a m'mudzi ndi manambala a zitupa zao, monga pa nthawi ya kalembera wa feteleza wotsika mtengo. Musajambule zitupazo ndi kuziponya pa gulu la WhatsApp. Pamene pali anthu makumi asanu palibe cinsinsi, ngakhale kalata imatidwe cotani. Perekani kwa mlangizi pamanja. Ndipo uzani anthu anu pa msonkhano kuti nambala ya cinsinsi ya ndalama za pa foni asauze munthu, ngakhale woimba foni adziche wa ku kampani.

Mlandu waukuru ukambidwe pansi pa mtengo, maso ndi maso, monga kale. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata ya mawa nthawi yomwe ino.